Momwe foni ingathandizire wachinyamata kugona mokwanira, kuyendetsa thupi ndi kudya bwino

M'chaka cha 2019, bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linatulutsa zotsatira za kafukufuku wokhudza ana asukulu okwana 1.6 miliyoni a zaka 11 mpaka 17 m'mayiko 146. Anapeza kuti 81 mwa 100 alionse sakwanitsa ola limodzi patsiku lochita zinthu zolimbitsa thupi. Kwa atsikana chiwerengerocho chinafika pa 85, kwa anyamata 78. Makolo ambiri akamva zimenezi amaloza chala foni, ndipo sakulakwa kwenikweni. Koma kulanda foni kumangobala mkangano, mwana n'kuyamba kubwereka ya mnzake mobisa.

Popeza foniyo imakhala m'thumba mwake tsiku lonse, ikhoza kugwira ntchito ziwiri bwino kwambiri: kuwerenga zimene iye akuchita, ndi kumukumbutsa pa nthawi yake. Ndi zokhazo. Siingafune kusintha m'malo mwa mwini wake. Choncho malangizo ali m'munsiwa, omwe ndalembera makolo, aphunzitsi ndi onse osamala achinyamata, atsamira pa mfundo imodzi: cholinga chikhale cha wachinyamatayo, foni ingokhala mlembi wake.

Gawo 1: Sabata yoyamba ingoonani, musasinthe kanthu

Musanaike pulogalamu iliyonse yatsopano, dziwani kaye pomwe mwaima. Mafoni ambiri amakono amalemba kale zinthu zomwe eni ake sadziwa n'komwe.

Pa foni ya Android pitani pa Settings n'kupeza Digital Wellbeing. Pa iPhone pitani pa Settings n'kutsegula Screen Time. Zonse ziwirizi zinabwera mu 2018. Zimasonyeza maola amene foni yagwiritsidwa ntchito, mapulogalamu amene adya nthawi yochuluka, kuchuluka kwa zidziwitso zomwe zalowa, komanso kangati foni yatsegulidwa. Za masitepe omwe munthu waponda poyenda, iPhone imawerenga yokha kudzera mu pulogalamu ya Health, mafoni a Samsung ali ndi Samsung Health, ndipo pa mafoni ena a Android mukhoza kuika pulogalamu yaing'ono yowerenga masitepe. M'kati mwa foni muli kachipangizo kozindikira kugwedezeka kwa thupi munthu akamayenda, ndiye kuwerenga masitepe sikufuna intaneti. Za tulo, kope ndi cholembera n'zokwanira sabata imeneyi: nthawi yomwe wagona, nthawi yomwe wadzuka.

Pomaliza sabatayo khalani pansi nonse awiri, ndipo inu muyambe kutsegula foni yanu. Musadumphe zimenezi. Kholo lomwe likufuna kuona maola a mwana likubisa ake limaoneka ngati wapolisi, ndipo mwana wa zaka 15 sachedwa kuzindikira. Mukaona manambala ake, musadzidzimuke mokweza. Mufunseni kuti iye akuwaona bwanji. Kawirikawiri amadabwa yekha, chifukwa pafupifupi tonsefe timaganiza kuti timakhala pa foni nthawi yochepa kuposa mmene zililidi.

Gawo 2: Asankhe yekha chinthu chimodzi

Chimodzi chokha. Kufuna kukonza tulo, kadyedwe, masewera ndi maola a pa foni nthawi imodzi kumatha m'masiku ochepa.

Cholingacho chikhale chooneka, choti madzulo munthu angathe kuyankha kuti inde kapena ayi. "Ndikufuna kukhala wathanzi" si cholinga choti foni ingawerenge. "Foni ndiziisiya pofika 9:30 usiku masiku a sukulu" n'chowerengeka. "Ndiziyenda mphindi 20 ndikaweruka" n'chowerengekanso. Ndi bwino kulumikiza chizolowezi chatsopano ndi chinthu chomwe chimachitika kale tsiku lililonse, monga kuweruka kusukulu kapena kutsuka mkamwa usiku, chifukwa chakalecho chimakhala chikumbutso cha chatsopanocho.

Akakufunsani maganizo, ine ndinganene kuti ayambe ndi tulo. Akatswiri a bungwe la American Academy of Sleep Medicine amalangiza kuti a zaka 13 mpaka 18 azigona maola 8 mpaka 10 usiku uliwonse. Wosagona mokwanira sakhala ndi mphamvu zothamanga, amalakalaka zotsekemera, sachedwa kupsa mtima, ndipo m'kalasi amangosinza. Tulo tikakonzeka, zinazo zimapepuka. Komabe ngati iye wasankha kuthamanga chifukwa akufuna kulowa m'timu ya mpira, msiyeni ayambe ndi chimenecho. Chifukwa chake cha iye mwini chimamuyendetsa kuposa chifukwa chanu chabwinocho.

Gawo 3: Kusankha pulogalamu

Yambani ndi zomwe zili kale m'foni. Sizifuna ndalama, sizidzaza malo, ndipo zilibe zotsatsa malonda. Ngati sizikukwanira ndiye mupite ku Play Store kapena App Store, koma musanadawunilode chilichonse muunike zinthu zingapo pamodzi ndi mwanayo.

Onani zaka zololedwa. Mapulogalamu ambiri amafuna munthu wa zaka 13 kupita m'mwamba, ena 18. Onani zilolezo zomwe ikupempha. Pulogalamu yokumbutsa kumwa madzi ilibe chifukwa chofunira manambala a anzanu, kamera kapena malo omwe muli. Ikapempha zoterozo, kanani, ndipo ikakana kugwira ntchito, ichotseni. Onaninso ngati imagwira ntchito popanda intaneti, komanso ngati mawu akuti "yaulere" sakutanthauza masiku ochepa chabe kenako n'kuyamba kudula ndalama mwezi ndi mwezi.

Nkhani ya zinsinsi musaitenge mopepuka. Mu 2018 zinadziwika kuti mapu a Strava, pulogalamu yotchuka ya othamanga ndi okwera njinga, ankaonetsa malo a misasa ya asilikali chifukwa asilikaliwo ankajambula njira zomwe amathamanga. Ngati mapu angaulule msasa wa asilikali, angaululenso nyumba ya mtsikana wa zaka 14 ndi nthawi yomwe amatuluka yekha m'mawa. Pulogalamu iliyonse yojambula njira iikidwe kuti anthu ena asamaone, kapena aone anzake okhawo omwe amawadziwa pamaso. Mu 2021 bungwe la boma la America la Federal Trade Commission linagwirizana ndi kampani ya Flo, yomwe pulogalamu yake imathandiza amayi kutsata masiku a msambo, pa mlandu woti inkapereka zambiri za ogwiritsa ntchito ku makampani ena monga Facebook ndi Google italonjeza kuti izisunga mwachinsinsi. Kutsata msambo n'kothandiza kwa mtsikana, koma asankhe pulogalamu yosunga zonse m'foni momwemo, kapena angogwiritsa ntchito kalendala wamba.

Pali mtundu umodzi wa mapulogalamu womwe ndikulangizani kuupewa: owerenga makalori (muyeso wa mphamvu zopezeka m'chakudya) ndi ochepetsa thupi. Ambiri anapangidwira akuluakulu. Thupi la wachinyamata likukula ndipo limafuna chakudya chokwanira, ndiye kumuphunzitsa kuona chakudya chilichonse ngati nambala yoyenera kuchepetsedwa kukhoza kuyambitsa matenda a kadyedwe, omwe nthawi zambiri amayamba pa msinkhu womwewu. Ngati pali nkhawa ya kulemera kwa thupi, imeneyo ndi nkhani ya dokotala.

Gawo 4: Kukonza foni molingana ndi cholinga

Ngati wasankha tulo, yambirani pa nthawi yodzuka n'kuwerenga chobwerera m'mbuyo. Wodzuka 6 koloko m'mawa ayenera kukhala atagona pofika 10 koloko usiku kuti apeze maola 8. Foni isiyidwe mphindi 30 mpaka ola limodzi nthawiyo isanakwane. Pa Android tsegulani Bedtime mode: nthawi ikakwana sikirini imataya mitundu n'kusanduka yotuwa, mauthenga n'kusiya kulira. Mavidiyo opanda mitundu sakoma kuonera, ndipo cholinga chake n'chomwecho. Pa iPhone ikani ndandanda ya tulo mu Health, kenako mutsegule Downtime mu Screen Time. Pa mafoni onse awiri mungathe kulola manambala ochepa, monga a makolo, kuti azitha kuimba ngakhale foni ili chete.

Dziwani kuti munthu akatha msinkhu, thupi lake limayamba kutulutsa mochedwerapo melatonin, timadzi tomwe timabweretsa tulo. Mwana yemwe akuti tulo sitikubwera 9 koloko mwina sakunama. N'chifukwa chake wozolowera kugona pakati pa usiku musamukakamize kugona 9 koloko mawa lomwe. Bwezani nthawiyo ndi mphindi 15 masiku angapo alionse. Loweruka ndi Lamlungu asapitirire kwambiri nthawi yake yodzukira, apo ayi Lolemba ayambiranso pachiyambi. Zosintha kuwala kwa sikirini kuti kukhale kwachikasu usiku zilipo ndipo mukhoza kuzitsegula, koma musadalire zimenezo. Chomwe chimamugoneka mochedwa kwambiri ndi macheza osatha ndi vidiyo yotsatira ija. Njira yamphamvu kuposa zonse ndi kutchajira foni kunja kwa chipinda chogona, yanu yomwe. Akati foniyo ndiyo alamu yake, kawotchi ka alamu kathetsa nkhaniyo.

Ngati wasankha kulimbitsa thupi, muyeso wa WHO ndi wakuti a zaka 5 mpaka 17 azichita zinthu zothamangitsa magazi kwa mphindi 60 patsiku mukatenga sabata yonse, ndipo masiku osachepera atatu pasabata pakhale zolimba kwambiri komanso zolimbitsa minofu ndi mafupa, monga kuthamanga, kudumpha chingwe kapena mpira. Mphindi 60 zimenezi siziyenera kubwera nthawi imodzi. Kuyenda kupita kusukulu, kuvina, kukwera njinga ndi ntchito zapakhomo zotulutsa thukuta zonse zimawerengedwa. Njira yosavuta yodziwira ngati liwiro lakwana ndi iyi: akutha kulankhula koma sangathe kuimba.

Mapulogalamu ambiri amabwera ataikiratu masitepe 10,000 patsiku. Nambala imeneyi sinachokere kuchipatala. Inatchuka ku Japan cha m'ma 1965 pomwe kampani ya Yamasa inkatsatsa kachipangizo kake kowerenga masitepe. Si nambala yoipa, koma kwa mwana yemwe sabata yoyamba ija ankapeza 3,000 ndi phiri longomugwetsa ulesi. Tengani chiwerengero chake chenicheni n'kuwonjezera 1,000, womwe ndi ulendo wa mphindi pafupifupi 10. Akakwanitsa masabata awiri, wonjezeraninso. Kumbukirani kuti foni siwerenga ikakhala m'chikwama pomwe iye akusewera mpira, ndipo sukulu zambiri sizilola mafoni. Nambala yotsika simatanthauza ulesi nthawi zonse, choncho muphunzitseni kulowetsa yekha masewera omwe foni sinaone.

Wofuna kuphunzira kuthamanga angayese ndondomeko ya Couch to 5K, yothandiza woyamba kumene kufika pothamanga makilomita 5, yomwe bungwe la zaumoyo la ku Britain la NHS linaipangira pulogalamu yakeyake. Imatenga masabata 9, kuthamanga katatu pasabata, ndipo sabata yoyamba munthu amathamanga masekondi 60 n'kuyenda masekondi 90 mosinthanasinthana. Ngakhale popanda pulogalamuyo, wotchi ya m'foni ingagwire ntchito yomweyo.

Ngati wasankha kadyedwe, awerenge zomwe akuwonjezera osati zomwe akudzimana. Pulogalamu wamba yochongera zizolowezi ndi yokwanira: lero ndadya chipatso, ndadya masamba, ndadya m'mawa ndisanapite kusukulu, ndamwa madzi m'malo mwa chakumwa chotsekemera. WHO imalangiza kuti shuga wowonjezera asafike gawo limodzi mwa magawo 10 a mphamvu zonse zomwe munthu amapeza m'chakudya patsiku, ndipo chitini chimodzi cha cola cha mamililita 330 chili ndi shuga pafupifupi magalamu 35. Zakumwa zomwe amati zopatsa mphamvu zili ndi caffeine wochuluka amene amakhala m'thupi maola angapo, choncho chomwedwa madzulo chimasokonezanso tulo.

Ngati wasankha kuchepetsa nthawi ya pa foni, aike malire pa pulogalamu imodzi kapena ziwiri zomwe zinatsogola sabata yoyamba, pogwiritsa ntchito App timers pa Android kapena App Limits pa iPhone. TikTok inaika malire a mphindi 60 patsiku kwa osakwana zaka 18 mu 2023, ndipo Instagram inayambitsa maakaunti a achinyamata mu 2024 omwe amakumbutsa pakatha mphindi 60 n'kutseka zidziwitso kuyambira 10 koloko usiku mpaka 7 koloko m'mawa. Zonsezi zimagwira ntchito ngati mwanayo analemba zaka zake zoona potsegula akaunti. Funsani, chifukwa ambiri anawonjezera.

Gawo 5: Chepetsani phokoso kuti chikumbutso chimveke

Chikumbutso cha madzi chikalowa pakati pa zidziwitso mazana angapo, chimafufutidwa pamodzi ndi zinzake. Lowani mu Settings, pa Notifications, muzimitse zonse zosachokera kwa munthu weniweni: za magemu, za masitolo, za mavidiyo atsopano. Magulu a WhatsApp osokosa aikidwe chete. Kenako ikani chikumbutso chimodzi kapena ziwiri patsiku, pa nthawi yomwe iye angathedi kuchitapo kanthu. Chikumbutso choti akathamange chobwera ali m'kalasi n'chopanda ntchito. Mawu ake alembe yekha mmene amalankhulira, ngakhale akhale oseketsa.

Gawo 6: Alowetse anzake

Pa msinkhu umenewu mawu a mnzake amalemera kuposa a kholo, ndipo palibe chifukwa cholimbana nazo. Anzake atatu kapena anayi okhala ndi cholinga chofanana akhoza kutsegula kagulu komwe aliyense amatumiza chithunzi cha masitepe ake madzulo, kapena kungolemba kuti "zatheka". Chabwino koposa n'choti azikumana n'kuyendera limodzi, foni ingokhala yopanganirana nthawi.

Samalani ndi mipikisano yoika anthu pamndandanda kuyambira woyamba mpaka womaliza. Imasangalatsa yemwe ali kale katswiri, koma yemwe amafunikira thandizo kwambiri amakhala pansi sabata iliyonse mpaka kutuluka m'gulu mwakachetechete. Ndi bwino gulu lonse liphatikize masitepe ake kuti lifike pa nambala imodzi, kapena aliyense apikisane ndi sabata yake yapitayo. Zithunzi za thupi ndi manambala a pa sikelo zisalowe m'gulumo.

Magemu oyendetsa anthu amathandiza, koma kwa kanthawi. Pokémon GO itatuluka mu 2016, kafukufuku wina wofalitsidwa m'magazini ya zachipatala ya BMJ anapeza kuti osewera a zaka 18 mpaka 35 anawonjezera masitepe pafupifupi 955 patsiku sabata yoyamba, koma pofika sabata yachisanu ndi chimodzi anali atabwerera mwakale. Chatsopano chilichonse chimazizira. Muyembekezere zimenezo, ndipo chidwi cha pulogalamu chisanathe, mwanayo akhale atapeza china chomukoka: timu, mnzake woyenda naye, kapena kungomva kupepuka m'thupi.

Gawo 7: Mphindi 10 pasabata zounika

Sankhani tsiku limodzi pasabata. Iye ndiye agwire foni n'kukuonetsani zomwe akufuna. Mafunso atatu akwanira: chayenda bwino n'chiyani, chavuta n'chiyani, tisinthe chiyani? Ngati wakwanitsa masiku awiri okha mwa asanu ndi awiri, cholingacho n'chachikulu kwambiri kapena nthawi yake ndi yolakwika. Chichepetseni, osamukalipira.

Mapulogalamu ambiri amawerenga masiku otsatizana omwe munthu sanaphonye, ndipo akaphonya limodzi nambala imabwerera pa ziro. Achinyamata ambiri amasiyira pomwepo. Muuzeni izi zisanachitike: ofufuza a ku University College London, motsogozedwa ndi Phillippa Lally, anatsata anthu omwe ankayamba chizolowezi chatsopano ndipo anapeza kuti chinkatenga masiku 18 mpaka 254 kuti chikhazikike, pakatikati pake pali masiku 66. Anapezanso kuti kuphonya tsiku limodzi sikunkaononga kanthu. Choncho aziwerenga masiku omwe wakwanitsa pamwezi, ndipo lamulo likhale longoti asaphonye kawiri motsatizana.

Nanga mapulogalamu oti kholo lizilamulira foni ya mwana, monga Family Link ya Google kapena Family Sharing ya Apple? Kwa wa zaka 13 ali ndi malo ake, bola mwanayo adziwe kuti alipo ndi zomwe inu mukuona. Kwa wa zaka 17 kawirikawiri amangoyambitsa mpikisano wa kutseka ndi kuzembetsa, ndipo pa zamakonozi iye amakuposani. Kuika pulogalamu yomuzonda mobisa ndiko koipitsitsa, chifukwa tsiku lomwe adzaitulukire sadzakuuzaninso kanthu, ngakhale zomwe mukanafunikadi kumva. Akamakula, muzimasula malirewo pang'onopang'ono mpaka aziika yekha.

Gawo 8: Dziwani nthawi yochotsa pulogalamu

Pakatha miyezi iwiri kapena itatu, mukaona kuti akusiya foni usiku chikumbutso chisanalire, kapena akuvala nsapato zothamangira osayang'ana nambala, zimitsani chikumbutsocho kwa masabata awiri. Chizolowezi chikapitirira, pulogalamuyo yamaliza ntchito yake. Akhoza kuichotsa, kapena kubwerera pa gawo lachiwiri n'kusankha chinthu china.

Pali nthawi inanso yoichotsa, ndipo imeneyi siyodikira. Mukaona akuzungulira m'chipinda usiku kuti nambala ikwane, akuthamanga ali ndi bala kapena akudwala, akudumpha chakudya, akudziyeza pa sikelo kangapo patsiku, akutsika thupi mofulumira, kapena akulephera kugona chifukwa chodera nkhawa manambala a tulo, kuwerengako kwasanduka vuto. Chotsani pulogalamuyo, mukhale naye pansi modekha, ndipo mupite naye kwa dokotala kapena mlangizi. Chimodzimodzi ngati wakhala wokhumudwa kwa masabata awiri kapena kupitirira, wasiya zomwe ankakonda, kapena wanenapo zodzivulaza. Mapulogalamu ophunzitsa kupuma mwakuya ndi olembamo mmene munthu akumvera angathandize pa nkhawa ya mayeso, koma zizindikiro ngati izi zimafuna munthu wophunzira ntchitoyo, ndipo ngati wanenapo zodzivulaza mupite naye tsiku lomwelo. Mwana yemwe ali ndi mphumu, matenda a shuga, a mtima kapena khunyu aonane kaye ndi dokotala wake asanayambe ndondomeko iliyonse ya masewera olimba, ndipo manambala oti aike m'foni achokere kwa dokotalayo.